Ndinaitanitsa chambo pamaliro

Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, kumene nsomba timaidziwa itauma kale, ili pamulu pamsika wa Lizulu. Ntchito ndimagwira ya muofesi ku Blantyre, ndipo chisanafike chaka cha 2017 nyanja ndinkangoionera pazenera la holo, pamisonkhano ya kuntchito ija timakhalira kuwodzera podikira alawansi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumudziwe bwino munthu amene anaimirira pabalaza pake, pamaso pa mkazi wake ndi alendo, n'kudziguguda pachifuwa kuti ku Mangochi kulibe malo odyera amene iye sawadziwa.

Alendowo anali alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, omwe akhalitsa ku Scotland, pamodzi ndi akazi awo, mzungu wa ku Glasgow komweko, namwino pantchito yake. Anafika mu Juni. Mayiwa anabwera ndi chibuku chonenepa cha anthu oona malo, chotchula kogona, kodyera ndi mitengo yake, koma ananeneratu kuti sanauluke mtunda wonsewo kudzadya za kwawo zomwe. Ankafuna kudya kumene eni dziko amadya. Alamu nawo nkhuli inali itawasautsa zaka zambiri. Akuti nsomba za kumeneko zimatuluka mufiriji zitaiwala kale kuti zinakhalako m'madzi.

Chibukucho ndinachilanda mwaulemu n'kuchiika pamwamba pa kabati. Ndinati zolembedwamo ndi za anthu oopa fumbi, ndipo popeza iwo agwera m'manja mwa mwini dziko, asavutike ndi kuwerenga.

Nzeru zanga ndinazitola pabawo ku Ndirande. Anzanga kumeneko ankati malo odyera enieni sakhala ndi chikwangwani, alibe menyu, ndipo panja pake pamaima malole, pakuti dalaivala wa lole sapusitsidwa pankhani ya nsima. Mfundoyi si yabodza kwenikweni. Aliyense amene anadyako pa chiimirire kapena pa memo akudziwa kuti mayi wophikira anthu omweomwewo tsiku ndi tsiku sangayerekeze kuwapakulira ndiwo zogona, chifukwa akatero mawa akhala yekha ndi mapoto ake. Anzangawo ankangocheza. Ine ndi amene ndinazitenga n'kuzisandutsa lamulo la ulendo.

M'mawa wonyamuka mayi akunyumba anali atakonza kamba: nkhuku ya lokolo yokazinga, mazira owiritsa ndi mbatata. Ndinalamula kuti zonse zitsalire ana. "Wopita kunyanja sanyamula ndiwo," ndinatero, ndikuwatchula mwa mwambi mawu amene ndinangowapeka pomwepo. Iwo sanayankhe. Anavundukula poto, ana n'kuyamba phwando m'mawa umenewo.

Pa Zomba sitinaime. Pa Liwonde, titangowoloka Shire pa baraji, anyamata anathamangira galimoto nsomba zili m'mwamba. "Chambo, bwana! Cha lero lomwe!" Ndinatsika, ndinazitembenuza, ndinazisinika ndi chala, ndinanenerera mtengo mpaka mnyamatayo anandipatsa ulemu woti ndine katswiri. Ndinazimangirira pagalasi la m'mbali monga amachitira anthu onse ochokera kunyanja, ndikuwafotokozera alendo kuti mphepo ndiye firiji yathu. Ulemererowo unatha titafika pothira mafuta pa Mangochi boma, pamene wothira mafuta anayang'ana pagalasipo nati, "Makumba onenepatu awa, achikulire. Mwagula zingati?"

Makumba ndi nsomba yabwino, musandimve molakwa. Ndi m'bale wake wa chambo, amapezeka mu Shire ndi m'nyanja ya Malombe, ndipo ndi amene alimi ambiri amaweta m'mayiwe. Koma si chambo, ndipo mtengo wake si wa chambo. Wothira mafutayo anatiuza zimene aliyense wa kumeneko amadziwa, kuti Malombe, imene tinali titangoilambalala, inkasefukira ndi chambo m'zaka za m'ma 1980, mpaka makoka a maso ang'onoang'ono anakokolola zonse ndi kasawala yemwe, ana a chambo osakula n'komwe. Alamu anamvetsera mwachidwi. Ine ndinali kalikiliki kuwerenga manambala a pampu.

Nthawi inali itakwana ya nkhomaliro. Pamsewu waukulu panali malo odyera otsegula bwinobwino, fungo la nyama yokazinga likutikodola, koma onse anali ndi zikwangwani, ena mpaka chithunzi cha nkhuku chojambula pakhoma. Ndinawadutsa. Ndinawatsogolera anthu anga kuseri kwa msika, m'tinjira ta pakati pa maokala, kumene tinapeza tizisakasa ta nsima tambiri tili duu, mabenchi atawagadamika. Telala wina wachikulire, amene ankasoka pakhonde, anaimitsa makina ake n'kundifunsa chimene ndikusaka.

"Ndi mwezi wa Ramadani uno, bambo. Ophika ambiri kuno akusala, makasitomala awonso akusala. Bwerani dzuwa likalowa, mudzadya mpaka kutopa. Ngati njala yakula, pitani kumsewu uko, n'kotsegula."

Kuti Mangochi ndi boma la Asilamu ambiri ndinaphunzira ku pulayimale. Kuti chaka chimenecho Ramadani inayamba kumapeto kwa Meyi ndinamvanso pawailesi. Kungoti mfundo ziwirizi zinkakhala m'zipinda zosiyana m'mutu mwangamu, ndipo zinali zisanapatsanepo moni.

Pofuna kuphimba manyazi ndinawatengera alendo pansanja ya wotchi pafupi ndi mlatho, ija anaimanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikadali Fort Johnston. Ndinawaonetsa mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya kwa nyanja. Ndinalankhula nthawi yaitali, manja ali m'mwamba. Nditacheuka ndinaona nsagwada za anthu atatu zikuyenda. Mayi akunyumba anali atabisa mtedza wokazinga m'chikwama, ndipo ankagawira abale awo okhaokha.

Tinalowa msewu wa ku Monkey Bay. Apa m'pamene inatulukira lole, yonyamula nkhuni ndi matumba, anthu angapo atakhala pamwamba. Inapatuka kulowa kamsewu kafumbi, ndipo mtima wanga unati myaa. Nkhuni, matumba a ufa, nthawi ya masana: dalaivala ameneyu akupita kuti ngati si kokadya? Ndinakhota n'kumutsata. Patsogolo pang'ono panali masamba aawisi atawayala pamsewu. Ndinawauza alendo kuti umu ndi mmene madalaivala athu amachenjezerana galimoto ikawonongeka, zomwenso ndi zoona nthawi zina. Ndinawaponda masambawo osachepetsa liwiro, wailesi ikuimba, kapusi ili kumutu.

Lole inaima pansi pa mtengo waukulu wa mango. Zimene ndinaona pamenepo zinandikhutitsa ndisanadye. Utsi uli tolotolo, miphika ikuluikulu ili pamafuwa, amayi akuvundula nsima ndi mithiko yogwira manja awiri, mabenchi atawandanda pamthunzi, madala ochepa atakhala phee. Chikwangwani panalibe. Menyu panalibe. Lole inalipo.

Mayi akunyumba anatsika, n'kuyang'ana uku ndi uku, nkhope n'kusintha. Anatulutsa zitenje ziwiri, china n'kuwamanga alamu awo achizungu aja. Kenako anandiyandikira n'kunong'ona.

"Bambo, kodi simukuona kuti pano pali zo..."

"Ndikudziwa," ndinawadula. "Ndinadyapo kale pano."

Pa mabodza onse amene ndanenapo chibadwire, limeneli ndi limene limandidzutsa usiku. Iwo anatseka pakamwa, n'kumugwira mnzawo padzanja, n'kukakhala pamphasa pamodzi ndi amayi ena. Ine ndinawauza alamu kuti aone mmene malo enieni amasungira mwambo, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Alamu anali atavula kale chipewa, maso ali pansi. Ndinkayesa ndi njala.

Mkulu wina anadzatipatsa moni motsitsa mawu, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere. Tinayankha. Anafunsa kumene tachokera, ndinati ku Blantyre, ndipo anzangawa ku Ulaya. Anapukusa mutu mothokoza, nati tachita bwino kubwera, mtunda wonsewo. Kenako anafunsa ngati tili a kuchimuna kapena a kuchikazi. Ndinaseka pang'ono n'kunena kuti ife ndife odutsa chabe, tangomva mbiri ya malo ano.

Mtsikana anabwera ndi beseni, anagwada, tinasamba m'manja. Kunabwera nsima ya mgaiwa yotentha, nyemba ndi kabichi. Ndinene pano, popeza ndikuulula zonse, kuti nyemba zimene zija sindinadyeponso zina zofanana nazo. Zinali zitapsa mpaka msuzi kulemera wokha, za mchere wa pakatikati, zonunkhira utsi wa nkhuni. Ndinadya mitanda iwiri osapuma. Pa wachitatu ndinakodola mayi amene ankayang'anira miphika.

"Mayi, zikomo, nyemba mwaphika. Koma alendo angawa abwerera nsomba. Chambo chilipo? Ngakhale kampango tilandira."

Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati nsomba palibe, anakonza zomwe akanatha. Ndinawalimbikitsa kuti asadandaule, bizinesi imayamba pang'onopang'ono, ndipo malo abwino chonchi akanangowonjezera nsomba ndi zakumwa zozizira bwenzi anthu akuchita kulimbirana mabenchi. Alamu anandiponda phazi. Ndinasuntha phazilo, n'kupisa m'thumba.

"Zonse pamodzi, ndi za amayi awiri apo, zakwana zingati?"

Asanayankhe, kunamveka nyimbo chakumunsi kwa mudzi. Inali nyimbo yapang'onopang'ono, ya anthu ambiri. Kenako anatulukira: abusa patsogolo, amayi a mpingo atavala yunifolomu, anyamata atasenza makasu ndi mafosholo a dothi lofiira, ndipo pakati pawo mayi wina womangidwa nsalu m'mimba, anzake atamugwirira mbali zonse. Ankachokera kumanda. Mbamu imene inali m'dzanja langa sindikudziwa kumene inapita.

Nkhani inafika kwa a mfumu anthu asanamalize n'kusamba m'manja komwe. Milandu inali iwiri. Woyamba, kudutsa pamasamba a maliro mwaliwiro, wailesi ikusokosera, pamene wapanjinga yemwe amatsika n'kuikankha. Wachiwiri sanautchule dzina, chifukwa ndikhulupirira kuti m'mudzimo unali usanachitikepo. Amene anandipulumutsa ndi mayi akunyumba. Anagwada pamaso pa a mfumu ndi anamfedwa n'kunena kuti amuna awo ndi munthu wabwinobwino, samwa mowa masana, kungoti safunsa. Gogo wina kumphasa anamalizitsa yekha kuti safunsa anadya phula, wina n'kuyankha kuti uyu ndiye wadya nyemba. Anthu amene anali akulira mphindi zochepa zapitazo anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedera.

Ndinapereka chipepeso chimene chinapyapyalitsa chikwama changa, makumba aja n'kuwamasulanso pagalasi kuti akhale ndiwo za anamfedwa. Wolengeza zopereka sanandichitire chifundo. Anaimirira n'kunena mokweza kuti bambo a ku Blantyre, amene amafuna chambo aja, apepesa ndi ndalama zakutizakuti ndiponso nsomba. Anthu anayankha kuti zikomo. Potsanzikana, mkulu anatilandira uja anandigwira dzanja nati ndisadandaule, pamaliro sathamangitsa munthu, ndipo malemuwo anali okonda nthabwala.

M'galimoto simunamveke mawu mpaka tinapatuka msewu wa Monkey Bay kulowera ku Cape Maclear.

Tinafika m'mudzi wa Chembe dzuwa litapendeka. Mudziwu uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo malo ogona alendo ali mumzere m'mbali mwa gombe, nyumba za eni mudzi zili kumbuyo kwake, mathandala oyanikapo usipa ali pakatipakati. Akazi a alamu ankafunitsitsa kuona pamene amishoni a kwawo anayamba Livingstonia mu 1875, asanathawe malungo kupita ku Bandawe mu 1881. Manda a ena mwa iwo akadalipo. Anapita ndi mnyamata woperekeza alendo. Ine anandipempha kuti nditsale, akuti za kumanda zandikwanira tsiku limenelo.

Munthu wanzeru akanagonja pamenepo n'kudya zimene akhitchini a pamalo athu ogona anaphika. Ine ndinkafuna kubweza ulemu wanga. Ndikuyenda pamchenga ndinakumana ndi mnyamata wokoma pakamwa amene anandilonjeza kampango wootcha pagombe pomwepo, mpunga ndi msuzi wa tomato, mawa masana, pamtengo wosafika theka la wa pamalo ogona. Ankangofuna ya makala ndi yogulira nsomba. Ndinapereka, n'kubwerera ndikuyenda monyang'wa, n'kulengeza kuti mawa aliyense asadye kwambiri m'mawa.

Mawa lake tinakhala pamchenga kuyang'ana chilumba cha Thumbi kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mithunzi kutalika. Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire amene anakhalapo msodzi, anandimvera chisoni n'kudzakhala pambali panga. Anandifunsa ngati usiku wathawo ndinaona nyali panyanja. Ndinati ayi. Anati ndiye nsomba ndikuziyembekezera kuchokera kuti? Asodzi a chilimira amakopa usipa ndi nyali usiku wa mdima, ndipo mwezi ukawala nyalizo sizigwira ntchito. Ramadani imayamba mwezi ukangooneka, choncho pakati pake, pamene tinafikira ife, mwezi umakhala wathunthu. Kuwonjezera apo inali nyengo ya mwera, mphepo ya kummwera imene imavundula nyanja m'miyezi yozizira. Pagombe la Chembe mapiri amatchinga, madzi amaoneka ofatsa, koma ukangotuluka kuseri kwa zilumba bwato limavina. Ndinali nditasankha sabata imene msika ukusala, mwezi ukuwala, mphepo ikuwomba.

Anandiuzanso chinthu chimene anzanga a pabawo sankachidziwa. Nsomba zikachepa, zochepazo zimakhala ndi eni ake bwato lisanafike n'kumtunda komwe. Msodzi amayamba wapatula ndiwo za kunyumba kwake. Zotsala amatenga ndi ophika a m'malo ogona alendo, amene amafika pagombe mbandakucha ndipo amadziwana ndi asodziwo zaka ndi zaka, kenako amayi a geni. Mlendo wodzuka dzuwa litakwera, ndalama ili m'manja, amapeza mamba okha. Kunena kwina, kampango amene ndinkamuthawa pa menyu ya pamalo athu ogona anali yemweyo amene ndinkamusaka pamchenga.

Mnyamata uja anabwera ndithu, sindimunamizira kuba. Anafika chakumadzulo ndi mpunga wozizira ndi utaka wouma wowamba pamakala, wofanana ndendende ndi umene mayi anga ankagula pa Lizulu. Anapepesa kuti nyanja yakana. Ya makala sinabwerere.

Usiku umenewo ndinazemba ndekha kulowa m'mudzi, njala ndi mkwiyo zikunditsogolera. Ndinapeza chiwaya chikuyaka pafupi ndi malo oonetsera mpira. Mafuta ake anali akuda bii, koma ndinadziuza kuti kumeneko ndiye kukoma kwake. Ndinaitanitsa tchipisi ndi kanyenya wa mbuzi, n'kuthira tsabola wa kambuzi mosaumira. Tchipisi chinali chotentha, chochokera m'mafuta owira, ndipo sindichiimba mlandu. Mlandu ndimaupereka kwa kabichi wosaphika amene anawaza pamwamba, yemwe anali atakhala m'beseni kuyambira masana, ndi kwa ine amene ndinapempha kuti awonjezere. Namwino uja anali atatichenjeza kale tili ku Blantyre kuti paulendo tizidya zotentha ndi zosenda tokha. Ndinamuyankha nthawi imeneyo kuti mimba ya Mngoni siopa kanthu.

Za usiku umenewo sindifotokoza zambiri. Ndingoti njira yochokera pabedi kupita kuchimbudzi ndinaidziwa bwino kuposa njira ina iliyonse ya m'boma la Mangochi, ndipo ndi yokhayo imene ndingaperekezepo mlendo mosanama. Kutacha, akazi a alamu anandisungunulira masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, n'kundiuza kuti ndizimwa pang'onopang'ono. Sananene kuti anandichenjeza. Mayi akunyumba ndi amene ananena, m'malo mwa onse.

Ndili chigonere choncho, mzungu uja anachita chinthu chimene ine sindinachiganizire ulendo wonse. Anafunsa. Anacheza ndi mayi amene ankasesa m'zipinda, Chichewa chake cha mawu owerengeka, mayi akunyumba akumasulira, n'kuwafunsa kuti iwo akafuna kudya bwino amadya kuti. Mayiwo anaseka, nati amadya kwawo. Anali Msilamu wa ku Makanjira wokwatiwa m'mudzimo, ndipo anawaitana onse kuti akamasule nawo swaumu dzuwa likalowa. Anthu anga anagula shuga, mafuta ophikira ndi masamba a tiyi, n'kupita.

Anabwerako usiku akuseka, milomo ili noninoni. Anakhala m'mphepete mwa bedi langa n'kuyamba kundifotokozera mopanda chisoni. Akuti anayamba ndi phala la mpunga ndi tiyi, kenako futali wa chinangwa wothira nsinjiro, wofewa mosafuna mano. Kenako nsima yoyera ndi kampango amene mlamu wake wa mayiyo anakola ndi mbedza, wophika ndi tomato ndi anyezi basi, mafuta ake a nsomba yomweyo akuyandama pamwamba. Panalinso chisoso chotendera. Alamu anati mutu wa kampango anapatsidwa iwo monga mlendo wolemekezeka, ndipo anaufotokoza fupa ndi fupa. Ine ndinali ndi kapu ya phala la madzimadzi lopanda mkaka.

Pobwerera chiwongolero anagwira alamu. Pa Liwonde mayi akunyumba anapisa m'chikwama n'kutulutsa chibuku chija, chimene chinali momwemo ulendo wonse pansi pa mtedza. Anasankha malo a m'mbali mwa Shire, okhala ndi chikwangwani chachikulu ndi menyu ya zinenero ziwiri. Anthu anadya chambo chenicheni, mvuu zikufwenthera kutsidya. Ine ndinaitanitsa mpunga woyera wopanda ndiwo, ndipo bilu yonse inabwera kwa ine.

Nkhaniyi inafika ku Glasgow ine ndisanachire, ndipo ku Ntcheu inakafika yokometseredwa kale, akuti ndinapempha ndi tomato sosi yemwe. Zimenezo ndikukana. Kuyambira chaka chimenecho, pamaulendo a pabanja pathu ntchito yanga ndi kuthira mafuta ndi kunyamula zikwama, ndipo tikafika malo achilendo amene amatsika kukafunsa ndi mwana wathu wamng'ono.

Kwa inu a m'mudzi uja wa m'mbali mwa msewu wa Monkey Bay, ngati nkhaniyi ingakupezeni: pepani kachiwiri, ndipo malemu ause mumtendere. Kwa mayi amene munkayang'anira miphika, funso lija la mtengo mundikhululukire. Koma ngati n'kotheka, nditumizireni uthenga wonena mmene munaphikira nyemba zija. Kunyumba kuno ndikazitchula amanditulutsa m'khitchini.